Kukamvera konsati ya progressive rock mu arena yaikulu: malangizo kwa wonyamuka ku Kasungu

Mabandi oimba nyimbo za progressive rock, zimene ozikonda amangozitchula kuti prog, safika ku Kasungu Stadium, ndipo ngakhale ku Lilongwe ndi ku Blantyre simungawayembekezere. Munthu wa kuno amene akufuna kuwaona maso ndi maso ayenera kuoloka malire, kawirikawiri kupita ku South Africa, mwinanso kutali ku Ulaya. Ulendo wotere umadya ndalama zimene munthu wasunga kwa miyezi yambiri. Chowawa n'chakuti mukhoza kulipira zonse, n'kufika bwinobwino pa tsiku lake, koma n'kubwerako musanamve nyimbo zimene munapitira, chifukwa chakuti munagula mpando wa pamalo pamene mawu safika bwino, simunateteze makutu, kapena munapita musanazidziwe nyimbozo. Prog ndi nyimbo zomvetsera kuposa zovina, choncho chilichonse chimene mukukonza chikhale chothandiza kuti makutu anu akagwire ntchito kwa maola awiri kapena atatu popanda chosokoneza.

Yambani ndi zimbale

Nyimbozi zinayambira ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene oimba rock ena anatopa ndi nyimbo za mphindi zitatu zongobwereza vesi ndi kolasi, n'kuyamba kubwereka kamangidwe ka nyimbo za classical ndi jazz. Chimbale choyamba cha King Crimson chinatuluka mu 1969, ndipo m'zaka zotsatira Yes, Genesis, Pink Floyd ndi Jethro Tull anaukuza mtunduwu. Ku Canada kunali Rush, ndipo pambuyo pake ku America kunabuka Dream Theater, imene inasakaniza prog ndi metal. Nyimbo imodzi ikhoza kutenga mphindi 18 kapena 23, monga zinalili pa zimbale za Yes ndi Genesis za mu 1972, ndipo m'kati mwa nthawi imeneyo imasintha liwiro, imatsika mpaka kutsala kiyibodi yokha, kenako n'kubwereranso ndi zida zonse.

Munthu amene akumva nyimbo yotere koyamba ali m'kati mwa khamu la anthu amasochera, chifukwa sadziwa kumene ikuchokera ndi kumene ikupita. Choncho kudakali miyezi iwiri kapena itatu, sankhani zimbale ziwiri kapena zitatu za bandi imene mukufuna kukaionayo, muzimvere kuyambira poyambira mpaka pothera osadumpha nyimbo ngakhale imodzi, ndipo mubwereze kangapo. Zitsitseni mu foni pamene muli ndi bandulo yotsika mtengo kapena pa Wi-Fi. Madzulo amene magetsi azima ndiwo abwino kwambiri pa ntchito imeneyi, chifukwa wailesi ndi kanema za pafupi zimakhala zili chete, ndipo mumatsala inu ndi mahedifoni anu basi. Kuti mudziwe zimbale zoyenera kuziikira mtima, yang'anani pa setlist.fm, pamene okonda nyimbo amalemba mndandanda wa nyimbo zimene bandi yaimba m'mizinda imene yadutsamo. Mabandi a prog sasintha kwambiri mndandanda pa ulendo umodzi, popeza magetsi ndi zithunzi za pa nsanja zimakhala zokonzedwa motsata nyimbo iliyonse.

Phunziraninso kuwerenga kagundidwe kake. Nyimbo zambiri za pa wailesi zimayenda zinayizinayi, koma prog imakonda zisanu, zisanu ndi ziwiri, ngakhale 11, ndipo phazi lanu likafuna kugunda pamene linazolowera limapeza kuti oimba adutsa kale. Mukamva choncho, werengani chamumtima kuti 1-2-3-4, 1-2-3, mubwereze mpaka thupi ligwirizane nazo. Amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule wamkulu savutika kwenikweni, chifukwa amadziwa kale kuti woimba mbalule amatsata mapazi a wovina, kudumpha apa ndi kudula apo, pamene ng'oma zina zikusunga maziko osagwedezeka. Mu prog mazikowo amasungidwa kawirikawiri ndi gitala ya besi, ndipo mukasochera, bwererani kwa iyeyo.

Tsimikizani amene adzakhale pa nsanja

Mabandi ambiri amene anayambitsa prog anasiya kuyenda kapena atsala ndi anthu ochepa a poyamba. Ulendo womaliza wa Pink Floyd unali wa mu 1994, ndipo Genesis inatsanzikana ndi anthu ku O2 Arena ku London mu Marichi 2022. Amene amadzaza ma arena (maholo akuluakulu ochitiramo makonsati) masiku ano ndi oimba a m'mabandi amenewo amene amayenda paokha, monga David Gilmour ndi Roger Waters a mu Pink Floyd, mabandi a m'badwo wotsatira monga Dream Theater, imene inayambira ulendo wokondwerera zaka 40 ku O2 komweko mu Okutobala 2024, komanso magulu oimba nyimbo za eni ake mwaluso, monga Brit Floyd ndi The Australian Pink Floyd Show, amene amaimba nyimbo za Pink Floyd. Magulu omalizawa amaimba bwino, ndipo kwa munthu wofuna kumva chimbale chonse chikuimbidwa pamaso pake ndi oyenera ndithu, koma muyenera kudziwa chimene mukugula. Werengani chikalata cholengeza konsatiyo mawu ndi mawu, kenako mutsegule webusaiti ya bandiyo ndi ya arena yomwe, muone ngati tsiku ndi malo zikugwirizana mbali zonse ziwiri.

Kwa ife a kuno, South Africa ndiyo yofikirika. Mabandi a prog safikako chaka chilichonse, koma amafika. Roger Waters anayambira ulendo wake wa mu 2002 ku Cape Town, n'kudzaimbanso ku Johannesburg. Makonsati a m'nyumba a kukula kotere amachitikira kawirikawiri ku SunBet Arena, ku Menlyn mu mzinda wa Pretoria, imene imalowa anthu oposa 8,000, kapena ku Grand Arena ya ku GrandWest ku Cape Town. O2 ya ku London imalowa anthu pafupifupi 20,000, koma kumeneko pamafunika viza ndi ndalama zochuluka kwambiri.

Pasipoti isanafike tikiti

Musagule tikiti pasipoti isanakhale m'manja mwanu. Matikiti a konsati sabwezedwa ndalama chifukwa chakuti mwini wake walephera kupita, ndipo pasipoti yatsopano ikhoza kuchedwa kuposa mmene mumayembekezera. Ngati muli nayo kale, onani tsiku limene ithere komanso ngati muli masamba awiri opanda chidindo. South Africa imafuna kuti pasipoti ikhalebe yogwira ntchito kwa masiku osachepera 30 kuchokera pa tsiku limene mudzatuluke m'dzikomo.

Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, ndipo sasowanso viza podutsa mu Mozambique ndi Zimbabwe. Pa chipata akhoza kukufunsani kumene mukafikire ndi tsiku lobwerera, choncho sindikizani papepala tikiti ya konsati, tikiti yobwerera ya basi kapena ndege, ndi adiresi ya kumene mukagone. Akadinda, musaike pasipoti m'thumba musanawerenge tsiku limene alemba, chifukwa tsiku limenelo ndilo lamulo lanu. Wopitirira masiku amene anapatsidwa amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo akapitirira ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Ngati mwasankha Britain, pemphani viza ya mlendo kudakali miyezi, ndipo dziwani kuti kukhala ndi tikiti ya konsati sikukakamiza aliyense kukupatsani vizayo.

Ndalama ndi kugula tikiti

Matikiti amayamba kugulitsidwa miyezi ingapo konsati isanachitike, ndipo mipando yabwino imatha m'masiku oyambirira. Apa pali vuto la kalendala ya kuno. Munthu amene amadalira fodya wa ku Chinkhoma, soya kapena mtedza amakhala ndi ndalama pakati pa chaka, pamene matikiti akhoza kutuluka mu Januwale, nthawi imene m'nyumba zambiri mulibe kanthu. Ngati mukudziwa kuti mukufuna ulendo wotere, patulani ndalama ya tikiti nthawi yokolola n'kuisunga osaikhudza, ngakhale bandi isanalengeze tsiku. Kumbukirani kuti mtengo uli mu randi kapena mu mapaundi, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yonse imasintha tsiku limodzi. Ikani ndalama yapadera pamwamba pa imene mwawerengera.

Pitani ku banki yanu kudakali nthawi, mufunse ngati khadi lanu la Visa kapena Mastercard likuloledwa kulipira pa intaneti kunja kwa dziko, ndiponso malire a ndalama imene mungalipire. Pamene ndalama zakunja zikusowa, malirewo akhoza kukhala otsika kuposa mtengo wa tikiti, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi lero kusiyana ndi kuzizindikira webusaiti itakusungirani mpando kwa mphindi zochepa zokha. Njira ina yodalirika ndi m'bale amene ali ku Joni. Muimbireni momveka kuti, "Achimwene, matikiti atuluka Lachisanu m'mawa, ndakutumizirani chithunzi cha mapu, mundigulire m'chigawo chimene ndazunguliza ndi cholembera, musasinthe ngakhale kwina kutatsika mtengo." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa m'bale wokufunirani zabwino adzafuna kukupulumutsirani ndalama, n'kukugulirani mpando umene simungamvepo kanthu.

Gulani kwa wogulitsa amene webusaiti ya arena kapena ya bandi yakulozerani, amene ku South Africa amakhala Ticketmaster, Computicket kapena Webtickets kawirikawiri. Matikiti otsatsidwa ndi anthu pa Facebook kapena pa WhatsApp asiyeni, chifukwa tikiti imodzi ikhoza kugulitsidwa kwa anthu asanu, ndipo amene amalowa ndi woyamba kufika pakhomo.

Mpando umene mugule

Apa ndi pamene ulendo wonse umakomera kapena kuwonongekera. Anthu ambiri amaganiza kuti kutsogolo kwenikweni ndiko kwabwino, ndipo ku South Africa malo oimirira a pafupi ndi nsanja, otchedwa Golden Circle, amakhala okwera mtengo. Kwa wofuna kuona nkhope ya woimba, malowo ndi abwino. Kwa wofuna kumva nyimbo, ine sindingawalimbikitse. Masipika akuluakulu a mu arena amapachikidwa m'mwamba mbali zonse ziwiri za nsanja, ataloza pakati ndi kumbuyo kwa holo, kotero kuti woima kutsogolo amakhala pansi pawo ndipo mawu ambiri amamudutsa pamutu. Chimene chimamufika mwamphamvu ndi masipika a besi amene nthawi zambiri amakhala pansi patsogolo pa nsanja, pamodzi ndi phokoso la ng'oma zenizenizo. Kiyibodi, chitoliro ndi mawu otsika a woimba, zimene zili mtima wa prog, zimamira.

Tsegulani mapu a mipando, mufunefune kabokosi kamene kali pansi pakati pa holo, moyang'anizana ndi nsanja, kamene kamalembedwa kuti mixer kapena FOH. Pamenepo ndi pamene pamakhala katswiri wosakaniza mawu, ndipo chilichonse chimene akukweza kapena kutsitsa usiku wonse amachiweruza ndi makutu ake ali pomwepo. Mpando uliwonse wa pafupi naye, kutsogolo kwake pang'ono kapena m'mbali mwake, umalandira nyimbo monga mmene bandi ikufunira kuti zimveke. Ngati pansi pali poimirira pokha ndipo miyendo yanu singapirire maola atatu, sankhani mipando ya m'munsi mwa mbali zokwera, molingana ndi kabokosiko kapena kumbuyo kwake pang'ono.

Pewani mipando ya pamwamba penipeni pafupi ndi denga ndi khoma lakumbuyo, chifukwa mawu akagunda khoma amabwerera n'kusakanikirana ndi amene akubwera kumene, ndipo pa nyimbo yothamanga zonse zimangomveka ngati chiphokoso chimodzi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho munthu amene ali mamita 100 kuchokera pa nsanja amaona ndodo ikugunda ng'oma, mawu ake n'kumufika mochedwerako, ndipo kwa womvetsera mwachidwi zimenezi zimatopetsa. Pewaninso mipando ya m'mbali mwenimweni mwa nsanja, makamaka yolembedwa kuti restricted view kapena side view. Mabandi a prog amaika luso lalikulu pa magetsi ndi pa zithunzi zoonetsedwa pa sikirini ya kumbuyo kwa oimba, ndipo zonsezo zimakonzedwa kuti zionekere kwa munthu amene wayang'anizana ndi nsanja. Ndalama zikakhala zochepa, mpando wa patali koma wolunjika umaposa wa pafupi koma wa chammbali.

Amene amadwala khunyu adziwe kuti magetsi othwanima mofulumira amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'makonsati amenewa ndipo kwa ena amayambitsa kugwa, pamene utsi wopopera pa nsanja umavuta ena a mphumu. Funsani dokotala musanagule tikiti. Woyenda pa njinga ya olumala alumikizane ndi arena mwachindunji, chifukwa malo ake amasungidwa padera.

Ulendo

Kuchokera pa Kasungu boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Wokwera ndege ali ndi mwayi wakuti bwalo la Kamuzu International Airport lili ku Lumbadzi, mbali ya kuno, kotero safunika kulowa mu mzinda. Ndege yolunjika ku Johannesburg imatenga maola awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi ya kuno. Basi ndi yotsika mtengo, koma imadutsa ku Tete, Harare ndi Beitbridge, ndipo imadya pafupifupi masiku awiri, kutengera mizere ya pa zipata. Mulimonse mmene mungayendere, fikani kutatsala tsiku lathunthu, ndipo wa pa basi afike kutatsala masiku awiri. Munthu amene watsika basi ku Park Station ku Johannesburg masana n'kulowa mu arena madzulo omwewo amagona pa nyimbo yachitatu.

Pezani pogona pafupi ndi arena ngati n'kotheka. Sitima ya Gautrain imalumikiza bwalo la ndege la OR Tambo ndi Sandton komanso Pretoria, ndipo imathandiza popita, koma imasiya kuyenda konsati isanathe, choncho musaidalire pobwerera. Ikani Uber kapena Bolt mu foni, mugule simukhadi ya kumeneko pogwiritsa ntchito pasipoti yanu, ndipo musaiwale adaputa, chifukwa masoketi a ku South Africa ndi a mabowo obulungira, osiyana ndi athu a makona. Mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Pretoria ndi Johannesburg umazizira kuposa wa kuno, choncho tengani jekete yoti mukhoza kuimanga m'chiuno mukalowa m'kati.

Makutu

Gulani zotsekera m'makutu musanafike tsiku la konsati. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo cha anthu pa ntchito, limati munthu asapitirire maola 8 pa phokoso la madesibelo 85 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso), ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 91 atsala maola awiri, pa 94 ola limodzi, ndipo pa 100 zatsala mphindi 15 zokha. Mu 2022 bungwe la WHO linatulutsa muyezo wolangiza kuti malo a zisangalalo asapitirire madesibelo 100 powerengera pa mphindi 15 zilizonse, kutanthauza kuti ngakhale arena yotsata malangizo ikhoza kukupatsani phokoso loposa limene khutu lingalandire bwinobwino kwa maola atatu. Tizigawo tating'onoting'ono ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikawonongeka sitimeranso.

Pali mitundu iwiri. Za siponji zimapezeka m'mafamase ndi m'masitolo a zipangizo zomangira, ndi zotsika mtengo ndipo zimateteza bwino, koma zimadula kwambiri mawu okwera, kotero nyimbo imamveka yotsekeka. Zina, zimene oimba amagwiritsa ntchito, zili ndi kasefa kamene kamatsitsa mawu onse mofanana, ndipo zimagulitsidwa m'masitolo a zida zoimbira. Pa prog zachiwirizi n'zoyenera mtengo wake, ndipo ambiri amadabwa kuti akazivala amamva kiyibodi ndi besi bwino kuposa asanavale, chifukwa khutu silikulimbana ndi kuwawa. Thonje kapena pepala la m'chimbudzi sizithandiza kwenikweni.

Za siponji zili ndi kavalidwe kake, ndipo ambiri amangozikhazika pakhomo pa khutu pamene sizigwira ntchito. Ndi manja oyera, ipotoleni pakati pa chala chachikulu ndi cholozera mpaka ionde ngati kamtengo ka machesi konenepa. Dutsitsani dzanja linalo pamwamba pa mutu, mugwire nsonga ya khutu n'kuikokera m'mwamba ndi chakumbuyo kuti njira iwongoke, mulowetse siponjiyo, kenako muigwirizize ndi chala kwa masekondi 20 kapena 30 mpaka itafufuma. Mukaivala bwino, mawu anu omwe amamveka ngati akuchokera m'kati mwa mutu. Yeserani kunyumba, ndipo tengani ziwiri zapadera, chifukwa imodzi ikagwa mu mdima simudzaipezanso.

Tsiku lenileni

Pa tikiti pamalembedwa nthawi yotsegulira zitseko, ndipo nthawi yoyambira kuimba ndi ina. Mukaona mawu akuti An evening with patsogolo pa dzina la bandi, dziwani kuti palibe bandi yotsegulira, ndipo eni ake ayamba pa nthawi yoyambira kuimba imene yalengezedwa osadikira aliyense. Fikani zitseko zikungotsegulidwa. Idyani mokwanira musananyamuke, valani nsapato zofewa, ndipo chikwama chikhale chaching'ono kapena chisakhalepo. Ku O2 salola choposa kukula kwa pepala la A4, ndipo ma arena ena ali ndi malamulo ofanana nawo, amene amalembedwa pa webusaiti yawo. Madzi a m'botolo, zakudya za kunja ndi kamera yaikulu nthawi zambiri zimatsala pakhomo.

Foni ikhale yodzaza moto, ndipo tikiti itsegulidwe mu app ya wogulitsa mukadali kumene mwagona, chifukwa pakhomo netiweki imalemedwa ndi anthu. Musadalire chithunzi cha tikiti chimene mwajambula pa foni, popeza matikiti ena ali ndi nambala yosinthasintha imene chithunzi sichingaisunge. Malo ambiri otere salandiranso ndalama za m'manja, choncho khadi likhale pafupi. Pasipoti isungeni m'thumba la m'kati lotseka.

Mukalowa, pezani mpando wanu magetsi akadali oyaka, ndipo musanakhale yang'anani makomo awiri otulukira amene ali pafupi nanu. Ife Amalawi tikukumbukira kuti pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri a iwo ana, anamwalira pa kuponderezana pa zipata za Bingu National Stadium. Ngati muli poimirira ndipo mwayamba kulephera kukweza manja chifukwa cha kupanikizana, tulukani chammbali nthawi yomweyo, manja ali pachifuwa, osalimbana ndi kumene khamu likulowera. Pitani ku chimbudzi kutatsala mphindi 20, ndipo mowa ukhale wochepa kapena usakhalepo, chifukwa kudzutsa mzere wonse wa anthu pakati pa nyimbo ya mphindi 20 ndi chipongwe chimene sakhululuka msanga.

Magetsi akazima

Valani zotsekera m'makutu nyimbo yoyamba isanayambe. Foni ibwerere m'thumba. Mabandi ena amaletseratu kujambula, monga inkachitira King Crimson, imene inkalola zithunzi pamapeto pokha, ndipo ngakhale kumene sakuletsa, kanema wojambulidwa pa foni ali patali samveka bwino ndipo kuwala kwake kumasokoneza amene ali kumbuyo kwanu. Chithunzi chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira kuonetsa a kunyumba.

Khalidwe la anthu a pa konsati ya prog likhoza kudabwitsa munthu wozolowera mashoo a kuno, kumene kuimba nawo, kuvina ndi kuimba mluzu ndiko kulemekeza woimba. Kumeneko anthu ambiri amakhala pansi, ndipo nyimbo ikatsika mpaka kutsala gitala imodzi, holo yonse ya anthu zikwizikwi imakhala chete. Musalankhule pa nthawi imeneyo, ndipo musafulumire kuomba m'manja nyimbo ikaima, chifukwa kawirikawiri kuimako ndi mpata wolowera m'chigawo china. Apa ndi pamene miyezi ija yomvera zimbale imakuthandizani. Ikathadi, ombani ndi mphamvu zanu zonse, imirirani ngati ena aimirira, ndipo nthungululu sizilakwika.

Musamangoyang'ana woimba ndi pakamwa. Pa nyimbo imodzi sankhani woimba ng'oma, muone mmene akuyang'anizirana ndi wa besi kagundidwe kakatsala pang'ono kusintha. Pa ina tsatani wa makiyibodi, amene amakhala atazunguliridwa ndi zida zingapo, ndipo mawu amene mukuganiza kuti ndi kwaya kapena mavayolini nthawi zambiri akuchokera m'manja mwake, monga ankachitira akale ndi chida chotchedwa Mellotron. Nthawi zina tsekani maso kwa mphindi imodzi. Makonsati ambiri otere amakhala ndi zigawo ziwiri ndi nthawi yopuma ya mphindi 15 kapena 20 pakati. Tulukani pa khonde kuti makutu apume, mumwe madzi, mubwerere msanga. Oimba akatsanzika n'kuchoka, musanyamuke. Ngati magetsi a m'holo sanayake, abweranso kudzaimba nyimbo imodzi kapena ziwiri, ndipo nthawi zambiri zimakhala zimene anthu amazidikira kwambiri.

Potuluka ndi pobwerera

Magetsi onse akayaka, khalani pa mpando mphindi 10 kuti khamu lichepe pa masitepe. Ngati munabwera ndi anzanu kapena achibale akudzakutengani, gwirizanani malo okumanira musanalowe, malo okhala ndi dzina kapena nambala ya khomo, chifukwa foni ikhoza kukana kulumikiza pa nthawi imeneyo. Mitengo ya Uber ndi Bolt imakwera anthu akatuluka pamodzi, ndipo imatsika mukadikira theka la ola pamalo owala pamene pali alonda. Galimoto ikafika, yerekezani nambala yake ndi imene ili pa foni musanatsegule chitseko, ndipo musayende pansi usiku m'misewu imene simukuidziwa.

Makutu akamalira kapena kumveka otsekeka mukagona, ndiye kuti alandira phokoso lopitirira muyezo. Apatseni tsiku lathunthu lopanda mahedifoni ndi nyimbo zokweza, ndipo pa basi yobwerera, pamene nyimbo ndi mafilimu zimalira usiku wonse, valaninso zotsekera zija ndipo mupemphe mpando wotalikirana ndi sipika. Kulirako kukapitirira masiku angapo, kapena khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, pitani kuchipatala msanga osadikira kuti mufike kaye ku Kasungu.